ZA ALIMI A M'MBALI MWA NYANJA: Kusankha Pulopela Yatsopano ya Injini ya Boti

Sabata ino tikambirana za chitsulo chamapiko chija chimene chimazungulira pansi pa madzi, kunsi kwa mwendo wa injini ya boti. Asodzi amachitcha pulopela.

Mabanja ambiri a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga amadalira munda ndi nyanja yomwe. Mpunga, thonje kapena chimanga zikagulitsidwa, ndalama zina zimapita kukakonzera boti ndi injini. Tsono nyengo yogulitsa mbewu ndiyonso nyengo ya mwera, mphepo yaukali ya kumwera imene imawomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kufikira Seputembala. Pulopela imene mugule ndi ndalama za mpunga wa chaka chino idzakumana ndi mafunde aakulu msanga, itanyamula ana anu ndi alovi anu. N'chifukwa chake tikupemphani kuti muwerenge nkhaniyi modekha, ndipo muwawerengerenso anzanu a padoko amene sadziwa kuwerenga.

MANAMBALA AWIRI OFUNIKA KUWADZIWA

Tengani pulopela yanu yakale, muipukute matope, muyang'ane pa thunthu lake kapena kuseri kwa phiko limodzi. Mudzaona manambala awiri olembedwa chotere: 9 1/4 x 9, kapena 11 1/8 x 13. Manambala onse awiriwa ndi mainchi. Inchi imodzi ndi masentimita awiri ndi theka.

Nambala yoyamba ikunena za kukula kwa pulopela. Mapiko akamazungulira amalemba bwalo m'madzi, ndipo nambalayi ndi muyeso wa bwalolo kuchokera mbali ina kukafika mbali inzake. Pa nambala imeneyi simungasinthe zambiri, pakuti malo a pulopela pa mwendo wa injini ndi ochepa. Yaikulu kwambiri idzagunda chitsulo chafulati chimene chili pamwamba pake.

Nambala yachiwiri amakaniko amati pichi, ndipo ndiyo mwini nkhani yathu. Pichi ndi mtunda umene pulopela ikadayenda itazungulira kamodzi, madzi akadakhala olimba ngati thabwa limene mukulowetsamo sikuluwu. Pulopela ya pichi 9 ikadayenda mainchi 9, ya pichi 13 ikadayenda mainchi 13. Koma madzi amathawa, kotero mtunda weniweni umachepa, makamaka boti likalemera.

Kuti mumvetse bwino, ganizani za mayendedwe a anthu panjira. Mnyamata wopanda katundu amataya mapazi patali, nafika msanga. Mayi wosenza thumba la chimanga amaponda pafupipafupi, ndipo amafika bwino lomwe. Mutamuuza mayiyo kuti aziponda patalipatali ngati mnyamata uja, adzatopa asanafike pamtsinje, mwina adzathyoka msana. Pichi ndiye phazi la pulopela. Boti lopepuka limayenda bwino ndi pichi yaikulu. Boti lamatabwa lonyamula chilimira wonyowa, mabwato a nyali, alovi khumi ndi usipa wodzaza limafuna pichi yaing'ono.

YAIKULU SIYITANTHAUZA LIWIRO

Ambiri amaganiza kuti akagula pulopela ya nambala yaikulu boti lidzathamanga koposa, ndipo petulo adzakhalitsa. Pa boti lolemera zimenezi sizichitika.

Injini iliyonse ili ndi liwiro lake limene oipanga anaikonzera. Mainjini a Yamaha Enduro a hosipawa 15 ndi 40, amene timawaona kawirikawiri m'madoko athu, anapangidwa kuti mukatsegula mafuta onse azizungulira pakati pa 4,500 ndi 5,500 pa mphindi imodzi. Mainjini a mitundu ina ali ndi manambala awo, ndipo amalembedwa m'kabuku kamene kamabwera ndi injini. Ntchito yonse yosankha pulopela yagona apa: kupeza imene ilola injini kufika pa manambala amenewa boti litanyamula katundu wake wa masiku onse.

Pichi ikakula mopitirira, injini imalephera kufika pa liwiro lake. Imalira mobuula ngati ng'ombe yokoka ngolo m'matope. Imatentha m'kati, utsi umachuluka, mapulagi amada msanga ndi mwaye, ndipo petulo amatha ambiri pa ulendo womwewo. Boti limachedwa kunyamuka, ndipo likakumana ndi funde lalikulu limasowa mphamvu yokwerera. Kuwonongeka kwake kumadza pang'onopang'ono. Mwini boti amangoona kuti injini ikupita kwa makaniko mwezi ndi mwezi, osadziwa kuti chikuipha ndi pulopela.

Pichi ikachepa mopitirira, injini imazungulira kuposa muyeso wake. Imalira mokuwa, koma boti silithamanga molingana ndi phokosolo. Zitsulo za m'kati zimadyeka msanga, ndipo tsiku lina injini ikhoza kuphwanyika muli pakati pa nyanja.

Amakaniko ali ndi lamulo lothandiza kuwerengera. Mukachepetsa pichi ndi inchi imodzi, injini imawonjezera kuzungulira ndi pafupifupi 200 pa mphindi, ndipo pa mainjini aang'ono nthawi zina zimaposa pamenepa. Mukawonjezera inchi imodzi, imachepetsa chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti injini yanu ya hosipawa 15 ili ndi pulopela ya pichi 11, ndipo boti litadzaza ikungofika 4,200. Pamenepo ikuvutika, chifukwa ikuperewera 300 kuti ifike poyambira pa muyeso wake. Mukatsika mainchi awiri n'kuika ya pichi 9, idzafika 4,600 kapena kuposerapo, ndipo idzakhala yalowa m'malo mwake.

KUYESA MUSANAGULE

Safunsa anadya phula. Musanatulutse ndalama, yesani injini yanu. Amakaniko ena ali ndi kachipangizo kakang'ono kamene amakulunga waya wake pa chingwe cha pulagi, ndipo kamawerenga mmene injini ikuzungulira. Funsani makaniko wa padoko panu kapena mlangizi wa za usodzi ngati angakuthandizeni nako.

Poyesa tsatani izi. Sankhani m'mawa nyanja ili bata. Ikani m'boti katundu yense amene mumanyamula popita kukagwira ntchito: ukonde, alovi, mafuta ndi nangula. M'malo mwa nsomba mukhoza kuikamo matumba a mchenga. Yendani pang'ono kuti injini ifunde, kenaka tsegulani mafuta onse kwa kanthawi, muwerenge nambala. Kuyesa boti lopanda kanthu n'kudzinamiza, popeza pobwera kuchokera kokakoka chilimira silikhala lopanda kanthu.

Onetsetsaninso kuti pansi pa boti mulibe ndere zambiri ndiponso kuti m'boti simunadzaze madzi. Matabwa omwa madzi ndi ndere zomera pansi zimalemeretsa boti, ndipo mukhoza kunamizira pulopela mlandu umene si wake. Injini nayonso ikhale yoti ili bwino, ya mapulagi oyera. Injini yodwala singachire ndi pulopela yatsopano.

Ngati kachipangizo kaja sikapezeka, bwerekani. Padoko pamene pali maboti angapo a injini za mtundu umodzi, eni ake akhoza kubwerekana mapulopela kwa ola limodzi. Yesani ya pichi 8, ya 9 ndi ya 10 pa ulendo umodzimodzi ndi katundu yemweyo. Mverani kulira kwa injini, onani nthawi imene mwatenga kuchokera pagombe kukafika pa chizindikiro chimene mwasankha, ndipo yezani petulo amene watha. Nkhani yotere mukhoza kuikambirana mu komiti yanu ya padoko, kuti munthu asagule yekha chinthu chimene mnzake anayesa kale n'kuchiona kuti sichithandiza.

KODI ILOWA PA INJINI YANU?

Manambala akhoza kukhala oyenera koma pulopela n'kukana kulowa. M'kati mwa bowo la pulopela muli mano amene amalumana ndi mano a pa shafiti. Awerengeni. Pa Yamaha ya hosipawa 9.9 ndi 15 mano ndi 8, pa ya 25 ndi 30 ndi 10, pa ya 40 ndi 13. Mitundu ina monga Suzuki, Tohatsu ndi Mercury ili ndi mawerengedwe ake, ndipo ngakhale chiwerengero cha mano chitafanana, kukula kwa bowo ndi kwa thunthu kukhoza kusiyana. Musakhomere ndi hamala pulopela imene ikukana. Mudzaphwanya mano a shafiti, ndipo shafiti ndi yodula kuposa pulopela.

Mainjini ambiri amatulutsa utsi kudzera pakati pa pulopela. Pa mainjini otere thunthu la pulopela liyenera kulingana bwino ndi kukamwa kwa mwendo wa injini. Likachepa, utsi umatulukira m'mbali n'kulowa m'mapiko, ndipo mapiko amagwira mpweya m'malo mwa madzi.

Onaninso mbali imene pulopela imazungulira. Pa boti la injini imodzi, pafupifupi nthawi zonse imazungulira kumanja, monga mivi ya wotchi, mukaima kumbuyo kwa boti n'kumayang'ana kutsogolo. Zilipo zina zozungulira kumanzere zimene anapangira maboti a mainjini awiri. Ikani yatsopano pambali pa yakale, muone ngati mapiko apendekera mbali imodzi.

Chotero popita kusitolo nyamulani pulopela yakale, ngakhale ili yothyoka. Lembaninso papepala dzina la injini, hosipawa yake ndi manambala onse a pa kachitsulo kamene kamamatidwa pa chomangira injini ku boti. Mukatuma mwana kapena mnansi wopita kutauni, mpatseni zonsezi. Mawu apakamwa akuti "ya fifitini" sakwanira. Amene muli ndi mainjini a Evinrude dziwani kuti kampani yake inaleka kuwapanga mu 2020, kotero mukapeza pulopela yolowa bwino, musazengereze kugula.

ALUMINIYAMU KAPENA CHITSULO CHOSACHITA DZIMBIRI?

Mapulopela ambiri a mainjini aang'ono ndi a aluminiyamu, a mapiko atatu, opakidwa utoto woyera kapena wakuda. Alipo ena a chitsulo chonyezimira chosachita dzimbiri. Awa ndi olimba, sadyeka msanga ndi mchenga, koma mtengo wake umaposa wa aluminiyamu kawiri kapena katatu.

Kulimbako kuli ndi vuto lake. Pulopela ya aluminiyamu ikagunda mwala, phiko limapindika kapena kuthyoka, ndipo nkhondo imathera pomwepo. Yachitsulo ikagunda mwala womwewo, mphamvu yambiri imapitirira kukafika ku shafiti ndi magiya. Kwa amene mumayenda m'malo a miyala monga ku Nkhata Bay, Likoma ndi Cape Maclear, kapena m'madzi osaya a ku Malombe, Chilwa ndi mu Shire momwe mumabisala zitsa ndi milu ya mchenga, aluminiyamu ndiyo yabwino. Ndalama imene mukadagulira yachitsulo imodzi, gulirani ziwiri za aluminiyamu, ina ikhale yapadera.

Chenjerani ndi zotchipa zosadziwika kumene zachokera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto wowala umabisa zambiri. Yang'anani ngati manambala alembedwa m'chitsulo momveka bwino. Gwirani mapiko onse atatu, muone ngati makulidwe ake ndi ofanana. Onani ngati mano a m'kati ndi osalala, opanda zibenthu. Mukagula yogwirapo kale ntchito, funani zizindikiro za kuwotcherera ndi ming'alu pamene phiko limalumikizana ndi thunthu. Phiko lowotchereredwa mwachisawawa limalemera mosiyana ndi anzake, ndipo pulopela yotere imagwedeza injini yonse.

NDI LITI PAMENE YAKALE YATHA NTCHITO?

Timabala tating'ono ta m'mphepete mwa phiko mukhoza kutisalaza ndi fayilo, osachotsa chitsulo chambiri. Koma phiko likabenthuka chigamba, likapindika, kapena mapiko onse akadyeka ndi mchenga mpaka kukhala opyapyala ngati mpeni, nthawi yosintha yakwana. Kuti mudziwe ngati phiko lapindika, zimitsani injini, muitukule, muike giya pakati. Gwirani kamtengo molimba pafupi ndi nsonga ya phiko limodzi, ndipo zunguzani pulopela ndi dzanja. Mapiko onse ayenera kudutsa pa kamtengoko mofanana. Mukachotsa pulopela, zunguzaninso shafiti muone ngati nsonga yake ikuvina. Shafiti yopindika idzawononga ngakhale pulopela yatsopano, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko.

Pali matenda ena amene saoneka ndi maso. Pakati pa thunthu la pulopela ndi mano ake pali mphete ya labala yopanikizidwa zolimba. Ntchito yake ndi kuterera pulopela ikagunda chinthu, kuti magiya apulumuke. Mpheteyi ikakalamba imayamba kuterera yokha. Mudzaona kuti poyenda pang'onopang'ono boti likuyenda bwino, koma mukawonjezera mafuta injini ikukuwa ndipo boti likufooka. Kuti mutsimikize, lembani mzere ndi msomali kapena utoto kuchokera pa chitsulo cha m'kati kukafika pa thunthu lakunja. Yendani pang'ono, kenaka muyang'ane. Mzere ukadukizana, mphete yatha.

Kumbukirani ichi, pakuti chikhoza kupulumutsa moyo. Zimenezi zikakuchitikirani muli kutali ndi gombe, musawonjezere mafuta. Chepetsani mpaka pulopela igwirenso madzi, ndipo bwererani pang'onopang'ono. Kawirikawiri mphete yotha imakhozabe kukankha boti pa mafuta ochepa. Mukaikakamiza imatentha n'kusiyiratu.

Timainjini tina tating'ono ndi mainjini akale alibe mphete yotere. Ali ndi kapini kopingasa pa shafiti kamene kamathyoka pulopela ikagunda chinthu. Kapini kameneka kanapangidwa kofewa dala. Musaikepo msomali m'malo mwake, chifukwa msomali sudzathyoka pa nthawi yake, ndipo adzathyoka ndi magiya. Gulani timapini tingapo tenitheni, tizikhala m'boti.

Dziwaninso kuti si kukuwa konse kwa injini kumene kumachokera ku pulopela yoipa. Injini ikamangidwa pamwamba kwambiri, pulopela imakoka mpweya pokhota kapena boti likakwera funde. Chitsulo chafulati cha pamwamba pa pulopela chiyenera kulingana ndi pansi pa boti kapena kutsikirapo pang'ono. Mainjini ena ali ndi mwendo waufupi wa thabwa lakumbuyo la mainchi 15, ena wautali wa thabwa la mainchi 20. Ngati mwendo ndi waufupi pa boti lanu, mankhwala ake ndi kutsitsa thabwa lomangirapo injini. Namasupuni ndi udzu wa m'madzi zikakulunga mapiko zimachitanso chimodzimodzi, choncho yambani mwayang'ana zimenezi.

KUMANGA PULOPELA YATSOPANO

Chitani ntchitoyi pamtunda kapena pamadzi ofika m'mawondo, mutayala thumba pansi kuti tizitsulo tisatayike. Poyamba chotsani zipewa za mapulagi kuti injini isalire mwangozi, ndipo ikani giya pakati. Wongolani kapini kamiyendo iwiri kamene kamatchinga nati, mukasolole. Ikani chidutswa cha thabwa pakati pa phiko ndi chitsulo chafulati chija kuti pulopela isazungulire, ndipo masulani nati. Musagwire mapiko ndi dzanja pomasula.

Ikani tizitsulo tonse pansi motsatana ndi mmene mwatichotsera. Kuseri kwa pulopela kuli mphete yachitsulo yochindikala imene amakaniko amati washa. Imeneyi ndiyo imalandira mphamvu yonse yokankha boti. Nthawi zambiri imamatirira ku pulopela yakale n'kutayidwa nayo limodzi. Mukamanga yatsopano popanda washayo, pulopela idzadya mwendo wa injini.

Pulopela ili chichotsere, yang'anani pa shafiti. Ulusi wa ukonde ndi wa mbedza umakonda kukulungana pamenepo. Ulusiwu umadula timphete ta labala totchinga madzi, ndipo madzi amalowa m'magiya. Chotsani ulusi wonse. Ngati oyilo wa m'magiya akuoneka woyera ngati mkaka, madzi alowa kale, pitani kwa makaniko musanabwerere panyanja.

Pakani girisi wa mainjini a pamadzi pa mano a shafiti kuti pulopela isadzakanirire. Bwezerani washa wakumbuyo, kenaka pulopela, kenaka tizitsulo takutsogolo ndi nati. Mangani zolimba kufikira mpata wa nati ulingane ndi bowo la shafiti, ndipo lowetsani kapini katsopano n'kupinda miyendo yake. Kapini kakale kopindidwapindidwa kamathyoka, nati n'kumasuka, pulopela ya ndalama za mpunga wanu n'kumira pamalo pamene palibe angaivuule.

ZOYENERA KUKHALA M'BOTI

Pulopela yakale, ngati ikadali yotha kukankha boti, musaigulitse kwa ogula zitsulo. Imangeni m'thumba pamodzi ndi nati, washa, timapini, sipanala ndi pulayala, ndipo thumbalo mulimangirire m'boti. Nkhafi nazonso zisatsale kumudzi chifukwa choti muli ndi injini.

Amene boti lanu limagwira ntchito ziwiri, tsiku lina kusodza kapena kunyamula matumba a mpunga ndi anthu opita kumsika, tsiku lina kuyenda lopepuka, mungachite bwino kukhala ndi mapulopela awiri osiyana pichi ndi inchi imodzi kapena ziwiri. Kusintha sikutenga nthawi yaitali. Koma ngati ndalama zikukwanira imodzi yokha, sankhani yoyenera katundu wolemera, ndipo tsiku limene boti lapepuka musatsegule mafuta onse.

Amayi, nkhaniyi ndi yanunso. Ndalama zogulira pulopela zimachokera m'munda umene munalima, ndipo okwera botilo ndi amuna anu ndi ana anu. Bambo akamanyamuka kupita kusitolo, afunseni ngati atenga pulopela yakale, ngati awerenga mano ake, ndiponso ngati ayesa injini boti litadzaza. Akayankha kuti inde pa zonse zitatu, apite.